Zinthu Zakale Zimene Zikali Moyo: Phunziro la ku Khwethemule

Dziko la Mfumu Khwethemule liri m'boma la Thyolo, pakati pa mapiri ndi minda ya tiyi. Monga m'madera ena onse a Malawi, zinthu zatsopano zafikako zambiri: foni za m'manja, njinga zamoto zonyamula anthu, nyali za mphamvu ya dzuwa ndi zigayo. Komabe zinthu zakale sizinachoke zonse ai. Mtondo ukali kumveka m'mamawa, nsimbi ya makala ikali kufuka utsi Loweruka madzulo, ndipo munda ukali kuyesedwa ndi maekala.

Achinyamata ena aziseka zinthu zimenezi, nati tsobola wakale sawawa. Akulu ena azikakamira zonse, nati mau a akulu akoma akagonera. Mbali ziwiri zonsezi zaona choona pang'ono chabe, pakuti zakale siziri za mtundu umodzi. Zina zikali kutumikira anthu. Zina zinatha ntchito, koma zinatsala m'kamwa ngati chikumbutso. Zina zinayenera kutha kalekale, koma zikali kusautsa anthu. Mkristu wanzeru ayenera kudziwa kuzisiyanitsa.

MTENGO WA TIYI

Chinthu chakale choposa zonse chimene maso aona tsiku ndi tsiku m'dzikomo ndicho mtengo wa tiyi womwe. Tiyi anabzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891 ndi Mzungu wina dzina lake Henry Brown, ndipo anafika ku Thyolo m'chaka cha 1908. Esiteti ya Satemwa inayamba m'chaka cha 1923. Minda ya masiku amenewo inabzalidwa ndi njere, kotero kuti mtengo uli wonse unali ndi khalidwe lakelake: wina wobereka kwambiri, wina waulesi, wina wa masamba okoma, wina ai.

M'chaka cha 1966 linakhazikitsidwa bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene likulu lake liri ku Mimosa m'boma la Mulanje. Akatswiri a tiyi anasankha mitengo yabwino koposa, naichulukitsa podula timphukira take, kuti munda wonse ukhale wa mtundu umodzi. Mtundu wina wotchedwa SFS 150 unatchuka mpaka m'maiko ena. Tiyi wotere abereka koposa wa njere. Nanga nchifukwa ninji minda ya njere ikalipo?

Yankho lake nlakuti kuzula munda kudya ndalama zambiri, ndipo mtengo watsopano utenga zaka zitatu kapena kuposa usanayambe kubweza phindu. Pamene mtengo wakale, ukamadulidwa bwino pa nyengo yake kuti usapitirire m'chiuno mwa munthu, ukhoza kuphukira zaka zoposa 100. Choncho mlimi wanzeru sazula munda wonse tsiku limodzi, ndiponso sausiya wonse kwamuyaya. Ayang'ana chigawo ndi chigawo, nafunsa ngati chikali kubereka. Chobereka achidulira ndi kuchithira feteleza. Chofooka achizula, nabzala china. Nzeru yomweyi ndiyo ifunika pa zinthu zonse zakale.

ZAKALE ZIMENE ZIKALI KUTUMIKIRA

Dengu la nsungwi limene wothyola tiyi abereka kumsana nlakale ndithu. M'minda ina mwafika makina ndi zida zometera tiyi msanga, koma tiyi wabwino koposa ndiye uja wothyoledwa ndi zala, masamba awiri ndi kansonga kake. Dengu lipitisa mphepo, kotero masamba satentha asanafike pa sikelo. Likathyoka liwola, nilisanduka nthaka. Thumba la pulasitiki lopyapyala, limene Boma linaletsa m'chaka cha 2015, likatayidwa likhala m'nthaka zaka zambirimbiri, nilitseka ngalande ndi kupha mbuzi zimene zalimeza. Apa chakale chapambana chatsopano.

Mtondo ndi munsi nazonso zikali pa ntchito. Chigayo chinachotsa thukuta lalikulu la amai, ndipo palibe wolira kuti masiku okonola usiku wonse abwerere. Koma chigayo chifuna ndalama, chifuna magetsi kapena dizilo, ndipo sichilandira kambale ka mtedza. Nsinjiro, chigwada ndi mankhwala a m'mizu zikali kusinjidwa mumtondo. Mtondo unataya ntchito yake yaikulu, nusunga zing'onozing'ono, ndipo pa zimenezi palibe chinaulowa m'malo.

Pakhonde la sitolo apezeka telala ndi makina ake opalasa ndi mapazi. Makina a mtundu wa Singer anayamba ku America m'chaka cha 1851. Zovala za kaunjika zinachepetsa ntchito ya atelala, komabe yunifomu ya mwana wa sukulu, chovala cha kwaya ndi cha mabungwe a amai a mu Eklezia, ndiponso chigamba cha pa bondo, zonse zidzera kwa telala. Makinawo safuna magetsi. Afuna timafuta pang'ono ndi lamba, ndipo adyetsa banja.

Nsimbi ya makala iri ndi nkhani yovutirapo. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 ziri zonse za m'Malawi, ngati 11 zokha ndizo zinaunikira ndi magetsi, ndipo zoposa theka zinaunikira ndi matochi a mabatire. Koloboyi wa palafini anali atatsala pang'ono kutheratu, chifukwa tochi inamlowa m'malo pa mtengo wochepa. Koma nsimbi sinathe, chifukwa ya magetsi iribe ntchito m'nyumba yopanda magetsi. Ndipo kusita sikuli kwa maonekedwe okha: kutentha kwa nsimbi kupha mazira a ntchentche ija yoikira pa zovala zoyanikidwa, imene mphutsi zake zilowa m'khungu la ana. Tsono mai wosita ndi makala sayenera kusekedwa ai. Ateteza ana ake ndi chida chimene ali nacho.

Komabe nsimbi ndi mbaula zidya makala, ndipo makala adya mitengo. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene inali yowirira, inadulidwa mpaka kutsala pang'ono chabe. Phiri likavula, madzi a mvula atsika ndi liwiro, nakokolola nthaka ndi nyumba. Anthu a m'chigawo cha kumwera sanaiwale zimene zinachitika ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Choncho zinthu zina zakale zikhalapo chifukwa cha umphawi, osati chifukwa cha ubwino wake. Zotere munthu azigwiritsa ntchito mosachita manyazi, komanso alimbikira kuti tsiku lina zisadzafunikenso: abzala mitengo, namanga chitofu chosadya nkhuni zambiri.

ZAKALE ZOTSALA M'KAMWA

Gulu lachiwiri ndilo la zinthu zimene zinatha, koma maina ake anatsala. M'chaka cha 1971 Malawi anasiya mapaundi, masheleni ndi makobiri, natenga kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri. Papita zaka zoposa 50, koma munthu wopanda ndalama akali kunena kuti alibe ngakhale kobiri. Tambala nayenso wakalamba tsopano. Palibe chinthu pamsika chogulidwa ndi tambala, ndipo ana ambiri sanamgwirepo m'manja. M'chaka cha 2022 inatuluka ndalama ya pepala ya K5,000. Koma m'mabuku a banki tambala akali kulembedwa.

Miyeso nayonso iri chimodzimodzi. Pa sikelo ya tiyi alemba makilogalamu, ndipo m'mabuku a Boma malo ayesedwa ndi mahekitala. Koma mlimi akafunsidwa za munda wake ayankha ndi maekala, wapaulendo awerenga mamailosi, ndipo chimanga pamsika chigulidwa ndi ndowa kapena mbale. Nkwabwino kudziwa kuti hekitala imodzi iri ngati maekala awiri ndi theka, ndipo mailosi asanu ali ngati makilomita asanu ndi atatu. Wosadziwa zimenezi anyengedwa msanga pogula feteleza kapena polembetsa malo.

Mau akuti kapitawo anachokera ku Chipwitikizi, ndipo akumbutsa kuti mabanja ambiri a Alomwe anadza kuchokera ku Mozambique, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuthawa nkhanza ndi kufuna ntchito m'minda ya Azungu. Dzina la bomali linalembedwa Cholo m'masiku a Nyasaland, monganso Nsanje inatchedwa Port Herald. Njanji ya kuchokera ku Port Herald kufika ku Blantyre, yodzera pa Luchenza, inatsegulidwa m'chaka cha 1908, ndipo kwa zaka zambiri tiyi anatsikira m'menemo kunka ku nyanja. Lero zidutswa za njanji ndi malimu akale a galimoto zapachikidwa pa mitengo ya masukulu ndi matchalitchi ang'onoang'ono, ndipo ziitana ana ku maphunziro ndi Akristu ku mapemphero, ngakhale ambiri ali ndi wotchi m'foni.

Bokosi la makalata la ku positi ofesi nalonso likalipo. Kale mwamuna wa ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare anatumiza kalata ndi ndalama kudzera pa adiresi ya mishoni kapena ya sukulu, ndipo mphunzitsi anawerengera nkhalamba zosadziwa kuwerenga. Kuyambira zaka za 2012 ndi 2013, pamene Airtel Money ndi Mpamba zinayamba, ndalama zifika pa foni m'kanthawi kochepa. Koma masukulu, maparishi ndi maesiteti akali kulemba nambala ya bokosi pamwamba pa makalata ao.

Zinthu za gulu ili sizipweteka munthu. Ziri ngati zipsera za pa thupi, zimene zisimba kumene munthu anadzera. Kholo lanzeru lizigwiritsa ntchito pophunzitsa ana mbiri ya kwao. Mwana wofunsa kuti kobiri nchiani wapatsa agogo ake mpata wa kumsimbira za msonkho, za ulendo wa makolo, ndi za mtengo wa ufulu.

ZAKALE ZOYENERA KUTHA

Gulu lachitatu ndilo lolemera. Mau akuti thangata poyamba anali okoma: anatanthauza kuthandizana pa ntchito, monga anthu athandiza mfumu kapena mnansi kulima. Koma pamene Azungu anatenga malo akulu a ku mapiri a Shire m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, mauwo anasanduka. Anthu okhala pa malowo anakakamizidwa kugwira ntchito m'minda ya mwini malo m'malo mwa lendi, makamaka m'nyengo ya dzinja, pamene minda yao yomwe inafuna khasu. Thangata anali chimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe ya mu Januwale 1915.

Lamulo la chaka cha 1928 linalola kuti lendi iperekedwe ndi ndalama, ndi mbeu kapena ndi ntchito, koma linapatsanso mwini esiteti mphamvu ya kuchotsa anthu pa malo, ndi ya kukaniza mkamwini kumanga kwa mkazi wake. Kwa anthu a chikamwini chimenechi chinali chilonda chachikulu. M'chaka cha 1946 Sir Sidney Abrahams anatumidwa kudzafufuza za malo, ndipo pambuyo pake Boma linayamba kugula malo ena a maesiteti. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chinabuka ku Cholo nichifalikira m'maboma ena a kumwera, ndipo anthu 11 anafa. Potsiriza thangata anathetsedwa ndi lamulo la chaka cha 1962, ufulu wa 1964 usanafike.

Lamulo linatha, koma malire a malo amene thangata anamerapo sanasunthe kwenikweni. Boma la Thyolo nlaling'ono, la masikweya kilomita ngati 1,700, koma m'chaka cha 2018 munali anthu oposa 700,000, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino liri m'maesiteti. Chifukwa chake mabanja alima m'mapiri otsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo munda wa mai umodzi ugawidwa kwa ana aakazi anai kapena asanu. Pakati pa zaka za 2004 ndi 2011, ntchito ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja oposa 15,000 a m'maboma angapo a kumwera, Thyolo ndi Mulanje omwe, kupeza minda yatsopano, makamaka ku Machinga ndi ku Mangochi. Inathandiza ndithu, koma njala ya malo sinathe. Munthu wopanda munda wokwanira alibe mau pa malipiro. Alandira chimene apatsidwa.

Zina zasintha. M'chaka cha 1967 Boma linakhazikitsa bungwe lothandiza alimi ang'onoang'ono kulima tiyi wao. M'chaka cha 2016 bungwe la eni maesiteti a tiyi ndi bungwe la antchito a m'minda anasainirana pangano loyamba la malipiro. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, umene unali mbale wake wa thangata m'minda ya fodya. Zonsezi zionetsa kuti chinthu choipa sichifa chokha ndi ukalamba. Chifa pamene anthu achitchula dzina ndi kuchikana.

Ndipo mzimu wa thangata sukhala m'maesiteti mokha. Uli mwa kapitawo wofuna mphatso kapena thupi la mkazi kuti amlembe ntchito. Uli mwa Mkristu wolemba mnzake ganyu, namlipira mochedwa kapena ndi madeya. Uli m'banja lotenga mwana wamasiye kumudzi kuti akhale wantchito wosalipidwa pamene ana a m'nyumbamo ali ku sukulu. Uli mwa abale olanda katundu wa mkazi wamasiye, ngakhale lamulo la chaka cha 2011 linaletsa zimenezi. Onsewa adziteteza ndi mau amodzi akuti zinali choncho kuyambira kale. Koma tchimo silisanduka mwambo wabwino chifukwa chakuti lakhalitsa.

CHIPHUNZITSO CHA EKLEZIA

Eklezia mwini adziwa ntchito ya kusankha pakati pa zakale. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo kwa zaka zoposa 60 Akristu a kuno anamva Misa m'Chilatini. Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa zaka za 1962 mpaka 1965, unatsegula khomo kuti Misa ichitike m'chilankhulo cha anthu. Nsembe yomwe sinasinthe. Chinasintha ndi chovala chake. Mau ena a Chilatini ndi a Chigriki anatsala m'kamwa mwa Akristu, monga Misa, Sakramenti, Ukaristia ndi Eklezia. Kolona, imene makolo anagwira m'manja zaka mazana ambiri, ikali kutonthoza odwala ndi okalamba, chifukwa ntchito yake sinathe.

Pa mutu 13 wa Mateyo Woyera, Ambuye ayerekeza mphunzitsi wa za Ufumu ndi mwini nyumba amene atulutsa m'nkhokwe yake zatsopano pamodzi ndi zakale. Pa mutu 2 wa Marko Woyera aphunzitsa kuti ngakhale lamulo la Sabata linaikidwa kuti lithandize munthu. Pamenepa pali muyeso wa zinthu zonse.

Apapa anatsata muyeso womwewo. M'chaka cha 1891, chomwe chija tiyi anabzalidwa ku Mulanje, Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, yophunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira moyo wa wantchito, ndi kuti antchito ali ndi ufulu wa kupanga mabungwe ao. Pa 8 Malichi 1992 Aepiskopi a m'Malawi anawerengetsa m'matchalitchi onse kalata ya nyengo ya Lenti, imene inadzudzula, mwa zina, malipiro ochepa ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. M'chaka cha 2015 Papa Francis, m'kalata ya Laudato Si', anachenjeza za khalidwe la kugula ndi kutaya, limene liononga chilengedwe, ndipo potsiriza litaya ndi anthu omwe. Makalata awiri oyamba atsutsa kusunga zoipa zakale. Yachitatu itsutsa kutaya zabwino zakale.

MUYESO WAKE

Tsono chinthu sichiyesedwa ndi zaka zake. Funso nlakuti: kodi chinthuchi chitumikira munthu, kapena munthu ndiye achitumikira? Dengu, mtondo ndi makina a telala zitumikira munthu. Zisungidwe, ndipo ana aphunzire kuzigwira ndi kuzikonza. Kobiri, ekala ndi chitsulo cha njanji zikumbutsa mbiri; zifotokozedwe kwa achinyamata. Koma mwambo uli wonse wodyera thukuta la wosauka uzulidwe monga mtengo wa tiyi wosabereka, kuyambira m'nyumba ya Mkristu mwini.

Muyeso womwewu ugwiranso zinthu zatsopano. Banja logulitsa mbuzi kapena kubwereketsa munda kuti ligule foni yodula, pamene ana alibe chakudya, lasanduka kapolo wa chinthu chatsopano. Ndipo pali cholakwa china choopsa koposa: kuyesa anthu monga ziwiya. Nkhalamba imene inathyola tiyi zaka 30, tsopano msana wapindika ndipo sithanso kunyamula dengu, siiri chinthu chotha ntchito ai. Lamulo lachinai la Mulungu silikalamba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi wowataya udzasowa pozimira moto wake.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI NDI M'MABANJA

1. Nchifukwa ninji alimi sazula minda yonse ya tiyi wa njere nthawi imodzi? Nzeru imeneyi iphunzitsa chiani pa miyambo ya m'mudzi?

2. Ndi ziwiya ziti zakale zimene zikali kuthandiza m'nyumba? Ndi ziti zimene zikhalapo chifukwa cha umphawi wokha?

3. Mau akuti thangata anatanthauza chiani poyamba, ndipo anasintha bwanji? Kodi thangata wabwino uja wa kuthandizana akhoza kutsitsimutsidwa pakati pa Akristu, makamaka polimira odwala ndi okalamba?

4. Kodi m'mudzi muno muli munthu wogwira ntchito wosalandira malipiro oyenera? Mphakati uchitepo chiani mwezi uno?

5. Ndi nkhalamba iti imene palibe waiyendera chaka chino, ndipo adzaiyendera ndani?